Wotchinga kumbuyo wa pa benchi: kodi amadya zaulere?

Timu ya mpira wamiyendo imalowa m'bwalo ndi anthu 11, koma m'kaundula imalemba anthu oposa 20. Otsala kunjawo nawonso amadya, amavala, amakwera basi ya timu, ndipo mwezi ukatha amayembekezera malipiro. Mwa onsewa, amene ochemerera amamuloza chala kwambiri ndi wotchinga kumbuyo amene sayamba masewero. Womwetsa zigoli wa pa benchi amatha kulowa kutatsala mphindi 15, n'kugwedeza ukonde, dzina lake n'kumveka pa wailesi sabata yonse. Goloboyi wachiwiri palibe amene amamufunsa, chifukwa aliyense akudziwa kuti pagolo pamaima munthu mmodzi. Koma namba 5 wachitatu, ameneyo ndiye amavutika. Aphunzitsi sakonda kugwedeza kumbuyo ngati zinthu zikuyenda. Awiri apakati akamvana, amatha kusewera limodzi miyezi itatu osasinthidwa, wachitatuyo akungotenthetsa thupi m'mbali mwa bwalo n'kubwerera kukakhala pansi.

Anthu a ku Liwaladzi nkhani imeneyi sachita kuimvera pa wailesi pokha. Ukatsata msewu wa M5 kulowera kumpoto umafika ku Dwangwa, kumene kuli bwalo la Chitowe. Pabwaloli pakhala pakuseweredwa mpira wa ligi yaikulu ya dziko lino kwa zaka zambiri. Dwangwa United inkalandirira alendo ake pamenepo mpaka pamene idatuluka mu ligi mu 2019, ndipo timu ya asilikali ya MAFCO ya ku Salima yakhala ikugwiritsa ntchito bwalo lomweli ngati pakhomo pake. Munthu wokhala pafupi ndi benchi pa Chitowe amaona ndi maso ake anyamata asanu ndi awiri kapena kuposerapo atavala mabibu, ena mwa iwo osakhudza mpira tsiku lonselo. Pobwerera pa kabaza kapena m'minibasi, funso limabwera lokha: anthu amenewa amawalipira chifukwa chiyani?

Funsoli lili ndi mbali ziwiri zimene kawirikawiri timazisakaniza. Pali phindu la kontirakiti ku timu, ndipo pali phindu la kontirakiti yomweyo kwa mnyamata amene wasaina. Pa mikangano ya m'mabawo ndi m'nyumba zoonetsera mpira timakonda kuimirira kumbali ya timu, ngati kuti ndalamazo zikutuluka m'thumba mwathu. Ine ndikuona kuti kuno kwathu timu siluza kawirikawiri pa wosewera wotere. Amene amafunika kuwerengera bwino asanagwire cholembera ndi mnyamatayo.

Chimene timu imagula

Ligi yaikulu ya dziko lino idayamba mu 1986, ndipo kwa zaka zambiri tsopano yakhala ndi matimu 16. Timu iliyonse imasewera masewero 30, zimene zikutanthauza mphindi 2,700 za mpira wa mu ligi mokha. Pamwamba pake pali zikho monga Airtel Top 8, FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup. Mu 2023 FCB Nyasa Big Bullets, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, idatenga ligi pamodzi ndi zikho zitatu zonsezi, ndipo chaka chomwecho idasewerakonso mpira wa matimu a mu Africa. Palibe anthu awiri amene angatchinge kumbuyo masewero onsewo okha. Wina adzapweteka bondo pa bwalo louma la mu Okutobala, wina adzadwala malungo, wina adzaitanidwa ku Flames. Komanso otchinga kumbuyo ndi amene amatola makhadi kwambiri, chifukwa ntchito yawo ndi kuimitsa munthu amene akuthamangira kugolo. Makhadi achikasu akachuluka, kapena ikatuluka yofiira, wosewerayo amakhala panja masewero otsatira, afune asafune.

Ndiye chimene timu imagula kwa namba 5 wachitatu si mphindi zimene wasewera. Imagula kuti tsiku limene wina wasowa, pakhale munthu amene akudziwa kale kuti goloboyi amakuwa bwanji, kuti pa kona amagwira ndani, kuti mzere wa ofusayidi umakwera liti. Zimenezi sizigulidwa Lachisanu madzulo masewero ali Loweruka. Msika wa osewera umatsegulidwa pa nyengo zoikika zokha, ndipo ukatsekedwa timu imayenda ndi amene idalembetsa. Palinso ntchito ina imene ochemerera saiona: pakati pa sabata, omwetsa zigoli a timu amanoledwa ndi otchinga kumbuyo a pa benchi omwewa. Ngati pa zokonzekera akudutsa munthu wofooka tsiku ndi tsiku, Loweruka amakadzidzimuka.

Okonda mpira wa ku England akukumbukira zimene zidachitikira Liverpool. Mu 2020 timuyi idatenga ligi ndi mapointi 99. Chaka chomwecho idagulitsa Dejan Lovren ku Zenit ya ku Russia, munthu amene ankakhala pa benchi nthawi zambiri, ndipo sidagule wina wolowa m'malo mwake. Mu Okutobala Virgil van Dijk adavulala bondo pa masewero a Everton. Mu Novembala Joe Gomez adatsatira, kenako Joel Matip. Jürgen Klopp adayamba kubweza kumbuyo osewera apakati, Fabinho ndi Jordan Henderson, ndipo potseka dzenje limodzi adakumba lina. Kumayambiriro kwa 2021 Liverpool idagonja masewero a mu ligi asanu ndi limodzi otsatizana pa bwalo lake la Anfield. Amene adathandiza kuti imalize pa nambala 3 anali Nat Phillips ndi Rhys Williams, anyamata amene chaka chisanayambe palibe ankawawerengera. Idamaliza ndi mapointi 69. Sitinganene kuti mapointi 30 onsewo adapita ndi Lovren, koma malipiro ake a chaka chimodzi anali ochepa poyerekeza ndi zimene timuyo ikadataya ikadalephera kulowa mu Champions League.

Chitsanzo chathuchathu chili ku Cameroon. Flames idapita ku mpikisano wa African Cup of Nations kachitatu mu Januwale 2022, itapitako kale mu 1984 ndi mu 2010. Matenda a Covid-19 adaigwira isanaponye ndi phazi lomwe, ndipo pa masewero oyamba, amene idagonja 1-0 ndi Guinea, benchi idali yopereweratu. Itagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, idakumana ndi Senegal ya Sadio Mané popanda kaputeni wake wotchinga kumbuyo, Limbikani Mzava, komanso popanda goloboyi amene adayamba mpikisanowo, Ernest Kakhobwe. Pagolo padaima Charles Thomu, ndipo pakati kumbuyo Lawrence Chaziya adaima pambali pa Dennis Chembezi. Masewerowo adatha 0-0, Thomu n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse, ndipo Malawi idadutsa m'gulu kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Senegal yomweyo ndi imene idakatenga chikhocho. Tikamakamba za ku Cameroon timathamangira chigoli cha Gabadinho chochokera kutali chija pa masewero a Morocco, koma kuti tikafike pa masewero amenewo padafunika pointi ya Senegal, ndipo pointi imeneyo idasungidwa ndi anthu amene adanyamuka kuno ngati apambali.

A ku Comoros zidawavuta koposa pa mpikisano womwewo. Agoloboyi awo onse atalephera kusewera chifukwa cha matenda ndi kuvulala, pa masewero a Cameroon adaika pagolo Chaker Alhadhur, amene ntchito yake ndi kutchinga kumbuyo cha kumanzere. Adagonja 2-1.

Pamene odandaula amanena zoona

Sikuti amene amati "akudya zaulere" amalakwitsa nthawi zonse. Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi la Winston Bogarde wa ku Netherlands. Chelsea idamusainitsa mu 2000 kuchokera ku Barcelona pa kontirakiti ya zaka zinayi, ndipo nyuzipepala zinkati ankalandira mapaundi pafupifupi 40,000 pa sabata. Patangopita masabata ochepa mphunzitsi Gianluca Vialli adachotsedwa ntchito, ndipo Claudio Ranieri amene adalowa m'malo sankamufuna. Bogarde adakana kuchoka. Ankabwera ku zokonzekera, kulandira ndalama zake, mpaka kontirakiti idatha mu 2004, atasewera masewero osafika 15 m'zaka zinayi zonsezo. Apa timu idaluzadi, koma cholakwika sichidali kukhala ndi munthu wa pa benchi. Idalipira mtengo wa wosewera woyamba kwa zaka zinayi popanda njira yotulukira, ndipo amene adasaina pepalalo kumbali ya timu anali akuluakulu odziwa kuwerenga.

Ku America, pa mpira wawo wogwira ndi manja uja wa NFL, mkangano womwewu umakhala wa masamu enieni. Timu iliyonse imaloledwa osewera 53 ndipo pali malire a ndalama zimene ingagwiritse ntchito pa malipiro, moti dola imene wapatsa wotchinga wa pambali waichotsa kwa wina. Koma kumeneko kusintha osewera kulibe malire, ndipo amuna amatupi akuluakulu a mzere wotchinga amapumitsana masewero ali m'kati, choncho wapambali amasewera pafupifupi sabata iliyonse. Mpira wathu udachedwa kutsegula chitseko chimenechi. Pa World Cup, kusintha osewera kudaloledwa koyamba mu 1970, anthu awiri okha. M'zaka za m'ma 1990 chiwerengerocho chidafika pa atatu, ndipo mu 2020, chifukwa cha Covid-19, chidakwera kufika pa asanu, lamulo limene lidakhazikitsidwa mu 2022. Kusinthaku kwakweza mtengo wa benchi yonse. Mphunzitsi amene akutsogola 1-0 tsopano amatha kulowetsa wotchinga kumbuyo wachitatu kutatsala mphindi 10 osaopa kuti wawononga mwayi wosintha kutsogolo.

Chimene mnyamata amagulitsa

Tsopano titembenukire kwa wosaina uja. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 21 wa ku Liwaladzi, wamtali, wolumpha bwino, amene waonedwa pa mpira wa bonanza kapena mu ligi ya m'chigawo chapakati. Timu ya mu ligi yaikulu yamuitana, ndipo mphunzitsi wamuuza mosabisa kuti patsogolo pake pali anthu awiri. Kunyumba kuli munda wa chinangwa, dimba la mpunga, mwina ndi mwayi wa ganyu ya mzimbe nyengo yodula ikafika. Asaine?

Yankho lili m'mene ndalamazo zagawidwira. Kontirakiti ya mpira kuno imakhala ndi zigawo zitatu: ndalama yosainira, malipiro a pamwezi, ndi gemu bonasi. Ndalama yosainira ndi imene imamveka kwambiri chifukwa imatchulidwa yonse pamodzi, koma matimu ambiri amaipereka pang'onopang'ono, ndipo madandaulo ena amene amafika ku bungwe loyendetsa mpira la FAM amakhudza zotsala za ndalama imeneyi. Gemu bonasi imabwera timu ikapambana, yocheperapo ikafanana mphamvu, ndipo ikagonja palibe. M'matimu ambiri amene wayamba masewero, amene wakhala pa benchi ndi amene sadalembedwe n'komwe pa pepala la tsikulo salandira mofanana. Ngati malipiro a pamwezi ali ochepa ndipo moyo wa wosewera ukudalira bonasi, ndiye kuti wa pa benchi amasenza yekha tsoka lonse la kusasewera.

Mwana wa kunyanja dongosolo limeneli akulidziwa kale. Pa ukonde wa usipa, amene wapita panyanja usiku umenewo ndi amene amagawana zimene zaphedwa, wotsala kumtunda alibe gawo. Kusiyana kwake n'kwakuti wotsala kumtunda ali ndi ufulu wokakwera bwato lina mawa lake, pamene wosewera amene wasaina sangasewerere timu ina, ngakhale ya kumudzi kwawo, mpaka kontirakiti ithe kapena timu imulole. Timu imamugwira ngati wantchito wokhazikika koma n'kumamulipira ngati waganyu.

Kenako pali kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Amene adasaina zaka zitatu kumayambiriro kwa 2022 pa malipiro osasintha adafika kumapeto kwa kontirakiti akulandira nambala yomweyo, koma thumba la chimanga, lendi ndi thiransipoti zitapita patali. Wosewera wotchuka zikatere amapita kwa akuluakulu kukakambirananso, chifukwa akudziwa kuti matimu ena akumufuna. Wa pa benchi alibe chowopsezera.

Chodula kuposa zonse ndi zaka. Wotchinga kumbuyo amakhwima ndi masewero: kuwerenga kumene mpira ugwere, kudziwa nthawi yogwetsa munthu ndi nthawi yongomuperekeza kukona. Zimenezi munthu saphunzira atakhala pansi. Aphunzitsi amakonda kuwauza anyamata kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthawi zina zimatheka, monga zidathekera kwa Chaziya amene atachoka ku Cameroon adapeza timu ku Jordan. Koma mnyamata amene wadekha kuyambira zaka 21 mpaka 24 osasewera amatuluka alibe dzina, alibe kanema woonetsa matimu akunja, ndipo kumbuyo kwake kwabwera kale wina wa zaka 19 wotchipa kuposa iye. Pa chifukwa chimenechi, kwa wachinyamata, kukasewera masewero 25 ku timu yaing'ono imene ikulimbana ndi kutuluka mu ligi kumapindulitsa kuposa kuvala yunifomu ya Maule, Manoma kapena Silver Strikers n'kusewera katatu. Ngati wasaina ku timu yaikulu, ndime yomulola kubwereketsedwa ku timu ina ndi yofunika kuposa kuwonjezera pang'ono pa ndalama yosainira. Kwa munthu wa zaka 31 amene mawondo ayamba kulira, nkhani imatembenuka: benchi ya timu imene imalipira pa nthawi yake ndi malo abwino kwambiri, ndipo timu imapindula naye chifukwa safuna kuphunzitsidwa chilichonse.

Malawi ili ndi njira ina imene mayiko ambiri alibe, ndipo anthu a ku Nkhotakota amaiona pa Chitowe pomwepo. MAFCO, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks ndi Red Lions ndi matimu a asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi. Wosewera amene walembedwa usilikali kapena upolisi amalandira malipiro a boma kaya wasewera kaya ayi, ndipo bondo likaduka ntchito imatsala, penshoni n'kudzabwera. Kamuzu Barracks idatenga ligi mu 2016 ndi dongosolo lotere. Kwa namba 5 wachitatu, pepala la ntchito yotere limalemera kuposa kontirakiti iliyonse ya zaka ziwiri. Lili ndi mtengo wake nalonso: msilikali sachoka mmene wafunira, ndipo timu ina ikamufuna zokambirana zimadutsa kwa akuluakulu a ntchito.

Zimene malamulo amanena

Malamulo a FIFA okhudza osewera, amene FAM imatsatira, ali ndi ndime zingapo zimene wa pa benchi ayenera kuzidziwa kuposa wina aliyense. Wosewera amatchedwa wa ntchito ngati ali ndi kontirakiti yolembedwa ndipo amalandira zoposa zimene amawononga posewera mpirawo. Lonjezo la pakamwa la tcheyamani, ngakhale linenedwe pamaso pa makolo, si kontirakiti. Kontirakiti singapitirire zaka zisanu, ndipo kwa wosakwana zaka 18 malire ndi zaka zitatu. Ikatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti ithe, wosewera ali ndi ufulu wosaina ndi timu ina. Ikatha, amachoka popanda timu yatsopano kulipira mtengo womugulira, mfundo imene idafala pa dziko lonse kuchokera pa chigamulo cha mlandu wa Jean-Marc Bosman wa ku Belgium mu 1995, ngakhale kuti kwa achinyamata pamatha kukhala ndalama yobwezera matimu amene adawaphunzitsa.

Kuyambira mu 2018, timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera angathe kuilembera kalata yoipatsa masiku 15 kuti ilipire, ndipo ikapanda kutero ali ndi chifukwa chokwanira chothetsera kontirakiti. Kalatayo ndi yofunika. Anyamata ambiri amangonyanyala n'kubwerera kumudzi, kenako timu n'kuwalemba kuti adathawa ntchito.

Ndime ya 15 ndi imene idalembedwera anthu a pa benchi mwachindunji. Imati wosewera wokhazikika amene pa chaka chonse waoneka m'masewero osakwana 10 peresenti ya masewero onse ovomerezeka a timu yake angathe kuthetsa kontirakiti isanafike kumapeto. Pa timu imene yasewera masewero 30 a mu ligi ndi ena 6 a zikho, amene wasewera atatu kapena kucheperapo ali pansi pa mzere umenewu. Sikuti chitseko chimatseguka chokha. Oweruza amayang'ana nkhani iliyonse payokha, amaona ngati munthuyo adali wovulala kapena ngati ndi mnyamata amene akuphunzira kumene, ndipo angathe kulamula kuti timu ipatsidwe chipukuta misozi ngakhale wosewerayo sapatsidwa chilango choletsedwa kusewera. Nthawi yakenso ndi yochepa: ayenera kuchita zimenezi m'masiku 15 otsatira masewero omaliza a timu yake pa chakacho. Kuno kwathu, kumene ligi yakhala ikutha cha mu Disembala, masiku amenewo amagwera pa nthawi imene osewera amakhala atabalalika kupita kumidzi kukadya Khirisimasi ndi kukaona mbewu kumunda, ndipo ambiri amabwerera ku kampu mwayiwo utadutsa kale.